Manachesi awiri m'kabudula

Ndikudziwa kuti amene amandidziwa akangomva kuti wolemba nkhaniyi ndine ayamba kale kupukusa mitu, poti mbiri ya mabodza anga inafika kutali kumene miyendo yanga sinapondeko, koma iyi yokha, abale anga, ndi yoona, ndipo mboni zake ndimayenda nazo tsiku ndi tsiku: zipsera ziwiri kumunsi kwa lamba, china kumanja china kumanzere, zofanana ngati mapasa. Ndikanakuonetsani kuti mukhulupirire, koma zili pamalo poti ngakhale ine amene manyazi anandithawa ndili wakhanda ndimayamba ndacheuka ndisanamasule batani. Dzina la munthu sinditchula ngakhale limodzi. A ku Zobue akudziwa kale amene ndikunena, ndipo inu akwina dzina silingakuthandizeni kanthu.

Ndinakulira ku Zobue, pamalire penipeni, m'zaka zija malasha a ku Moatize anali pakamwa pa munthu aliyense. Bambo anga anatsikira komweko kukagwira ntchito kumigodi, n'kumabwera mwa apo ndi apo fumbi lakuda lili m'makutu, amayi ankakhala kumunda kapena kumsika, choncho ine ndikangoweruka kusikola ndinali mbuzi yopanda chingwe. Ndipo kunali kokoma bwanji! Makamiyau, magalimoto akuluakulu a katundu aja, ankandanda kuchokera pachipata cha alifandega, a kasitomu aja, mpaka kupitirira msika, mamotorisita, madalaivala ochokera kutali, akuphika tiyi m'mbali mwa matayala, nkhungu ikutsika m'phiri ngati utsi wa munthu wowotcha tchire, ife tikuthamanga pakati pa magalimoto kuphunzira kutukwana m'zilankhulo za eni. Lero ndili kuno ku Moatize kumene ndikumaliza sekundariya, kumene dzuwa limawotcha ngati uli nalo mlandu ndipo malaya oyera ukawayanika amauma ali otuwa, koma ndikangomva fungo la makoko a manachesi mtima umandithawa n'kukwera kumtunda kuja.

Pansi pa mtengo wina moyang'anizana ndi mzere wa makamiyau pankakhala bambo wina wokalamba amene tonse tinkangowatchula kuti madala a manachesi. Ankakhala pakampando kafupi moti ankaoneka ngati akhala pansi, dengu lili patsogolo. Paunyamata wawo anagwirapo m'migodi yakale ya pansi pa nthaka, makina akuluakulu ano asanabwere, nthawi imene malasha ankakwera ndi msana wa munthu. Madalawa anali ndi phudzi mbali ya kumanja, lalikulu ngati papaya, moti ankavala thalauza lotaya n'kumayenda chotangadza atapendekera kumanzere, ngati munthu amene akuzembetsa nkhuku pamaso pa apolisi. Aliyense ankadziwa, koma kwathu matenda amenewa satchulidwa mwini wake akumva. Kuseri anthu ankangoti madala ali ndi katundu wosalipira alifandega. Anamwino ankawauza kuti atsikire ku Moatize akang'ambidwe, koma iwo ankakana kwamtuwagalu, amvekere phudzi lili ngati ozembetsa malonda, ukawatsekera njira ya uku amatulukira ya uko, ukalidula kumanja limangowoloka n'kukamera kumanzere, ndiye munthu ugonerenji pampeni kuti ungosamutsa katundu? Ndipo anthu ambiri, akuluakulu omwe, ankavomereza kuti ndi momwemo.

Loweruka lina nyengo ya manachesi, madala atanyamuka kukapereka zipatso kwa motorisita amene ankawakodola ali pamwamba m'galimoto yake, kasatana kanga kaja kamene sikanandisiyepo chibadwire kanandinong'oneza. Ndinatapa manachesi awiri akuluakulu m'dengu, n'kuwalowetsa m'kabudula uku ndi uku, n'kuyamba kuwatsata madala pambuyo, kutangadza kwake komweko, kupendekera kwake komweko, ngakhale katsokomoledwe kawo ka ehe-ehe ndinakakopera. Mundifunsa chifukwa chimene ndinaikira awiri pamene eni ake anali nalo limodzi? Ndinkaona kuti mbali imodzi siioneka bwino kwa amene ali patali, ndipo ine ntchito yanga sindinkaigwira mwatheka. Mamotorisita analiza mabelu a magalimoto, amayi okazinga mbatata anabisa nkhope m'zitenje mapewa akugwedera, anzanga anachita kugubuduka pafumbi. Madala anacheuka. Ndinkayembekeza ndodo kapena mwala, miyendo inali itakonzeka kale, koma iwo anangondiyang'ana kuchokera kumutu mpaka pamene panatupapo, kenako ananena mofatsa, koma mokweza ndithu kuti aliyense amve, kuti iwo amphawi Mulungu anawapatsa limodzi lokha, koma popeza ine mwana wa munthu wapantchito ndasirira awiri, Mulungu si wouma manja, adzandipatsa mbali zonse. Anawonjezera kuti manachesiwo nditenge, poti kumene afikako palibe amene angawagulenso. Ndinawasenda pomwepo n'kudya, ndipo musayembekezere kuti ndinene kuti anali owawasa, anali otsekemera ngati uchi.

Mvula itagwa, tsiku lina nditathandiza amayi kunyamula thumba la feteleza, ndinalowa m'bafa yathu ya udzu kukasamba, ndipo dzanja langa linakumana ndi mlendo. Kumanja, m'mbali mwa chinena, panali kachotupa kofewa ngati dzira lopanda chigoba, kosapweteka kwenikweni. Nditakakanikiza kanalira kuti khululu n'kulowa m'kati, nditatsokomola kanatulukanso kudzandisuzumira. Abale, madzi anali ofunda koma ine ndinazizidwa mpaka m'mano. Ndinadzilimbitsa mtima kuti mwina ndi mwanabere, koma ndi mwanabere wanji amene amathawa ukagona chagada n'kubwera ukaimirira? Ndinayesa kubweza tsokalo mochenjera: manachesi anali atatha, ndiye ndinathyola mango awiri abwino n'kukawagwetsera m'dengu la madala iwo akuyang'ana kumbali, poganiza kuti chipatso ndi chipatso, kumwamba sakasiyanitsa. Mukuganiza kuti zinathandiza? Chimanga chisanakhwime, kumanzere nako kunatuluka kakeko, kakang'ono kuposa koyamba. Ndinayamba ndadzinamiza kuti ndi kuwoloka kuja ankanena madala, koyamba kaja kangosamuka, koma nditaimirira m'bafa muja, dzanja lina uku lina uku, n'kutsokomola, tonse tiwiri tinadumpha nthawi imodzi ngati ana a dzina limodzi akaitanidwa. Awiri ndinapempha, awiri ndinalandira.

Mungafunse kuti bwanji sindinauze munthu. Ndikanauza yani? Kwathu mnyamata wa msinkhu umenewo saonetsa mayi ake malo amenewo ngakhale kutagwa chiyani. Nkhani zotere zimapita kwa amalume, ndipo amalume anga anali kutali ku Cateme, kumene anawasamutsira migodi itafuna malo awo, pamene bambo akabwera ankafika otopa moti ngakhale kundikalipira ankaiwala. Komanso ndikanaulula, sikukanakhala kuulula matenda okha, kukanakhala kuvomera pamaso pa Zobue yense kuti madala apambana, ndipo zimenezo ayi. Ndinasiya mpira n'kunamizira bondo, ndinaphunzira kuseka nditaphatikiza miyendo, ndipo ndikamadutsa pamtengo paja ndinkayenda mowongoka ngati msilikali, iwo n'kumandipatsa moni waulemu ngati ndine mkulu mnzawo, n'kumandifunsa kuti malonda akuyenda bwanji. Mpaka lero sindidziwa ngati ankadziwa kapena ankangondiyesa. M'kalasi pulofesolo akamalemba pabolodi ine ndinkangoona mapapaya awiri, ndikudziona nditakula, ndili pakampando kafupi, tiana tikunditsata pambuyo ndi maungu m'makabudula. Koma kusiya kupusitsa anthu ndiye sindinasiye, munthu sasiya kupuma chifukwa chakuti ali ndi chimfine.

Tsiku lenilenilo linafika manachesi atapsanso. Panali motorisita wina wamwano amene dzulo lake anandikoka khutu chifukwa chotsamira tayala lake, ndipo khutu langa silikokedwa ulele. Masana, wa alifandega akuyang'ana mapepala ake, ndinakwawira pansi pa ngolo ya kamiyau wakeyo, n'kugona pakati pa matayala akumbuyo, n'kuyamba kulira ngati mbuzi. Pa zolira mbuzi ndinali katswiri, mbuzi zenizeni zinkandiyankha. Wa alifandega anaimika makutu n'kufunsa kuti chiweto chikutani m'galimoto imene akuti yanyamula zitsulo za kumigodi, motorisita n'kulumbira kuti mbuzi sanaionepo chichokere kwawo, koma analamulidwa ndithu kumasula lona yense wophimba katundu, chingwe ndi chingwe, dzuwa lili paliwombo. Ine pansipo ndinali kufa nalo phwete, koma kuseka mokweza sindikanatha, ndiye ndinkangomeza, mimba ili gwa ngati ng'oma, n'kumakokanso mpweya kuti ndilire kwina. Pakulira kwina kumene ndinati ndikometse ngati mbuzi imene yaona mpeni, ndinamva kumanzere ngati wina wandikhoma msomali wamoto. Kakang'ono kaja, kamene sindinkakawerengera n'komwe, kanali katatuluka konse, kolimba ngati gwafa wosapsa, ndipo nditakakanikiza monga mwa masiku onse kanakana kulowa.

Ululu wake unakwera mpaka pamchombo, thukuta lozizira linandisamba, ndinasanza zonse zimene ndinadya m'mawa. Ndinayesa kukwawa, miyendo inakana kutambasuka. Ndinayesa kuitana anzanga awiri amene anaima tsidya la msewu, koma mawu amene anatuluka anali omwe aja a mbuzi, iwo n'kumawomba m'manja kuti lero lokha ndadziposa. Mbuzi itasowa m'katundu, wa alifandega anabweza mapepala, motorisita anamanga lona wake akutukwana, ndinamva chitseko chikumenyetsedwa pamwamba, kenako injini inadzuka, nthaka n'kuyamba kunjenjemera pansi pa nthiti zanga. Tayala linali pafupi ndi mutu wanga moti ndinkaona timiyala tokanirira m'mizere yake, kumbuyo kwake kuli linzake, kumbuyo kwa linzakelo kulinso lina. Anzanga sanade nkhawa, ankadziwa kuti ine ndimatuluka pomaliza penipeni, umenewo ndiwo unali mchere wa masewera anga. Ndinamva mpweya wa mabuleki ukuti tsiii, ndipo ndinadziwa kuti ndifa kawiri, m'kati ndi kunja, ndevu ndisanamete n'kamodzi komwe, anthu n'kumadzanong'onezana pamaliro kuti mwanayu anafa akulira ngati mbuzi.

Chimene ndinaona kenako ndi manachesi. Manachesi ambirimbiri akugubuduka pamsewu, ena kulowa pansi pa galimoto, ena kudzaima pamphuno panga penipeni, ndipo kutsogolo uko, pakati pawo, mapazi awiri otangadza. Madala, pakampando kawo kafupi kaja, ndi okhawo amene maso awo ankafika pansi pa kamiyau. Mbuzi ija anaidziwa mwini wake kuyambira kulira koyamba, ndipo monga anadzandiuza pambuyo pake, ankakondwa nazo chifukwa motorisitayo anali atawanyozerapo malonda, koma ataona mmene ndapindikira ndi pamene ndagwira, kagwiridwe kameneko anakazindikira, poti ndi mmene iwonso ankagwirira masiku oipa. Kuthamanga sakanatha, kukuwa injini ikanawameza mawu, ndiye anangokankhira dengu lonse kutsogolo kwa galimoto n'kukaima pakati pa zipatso zawo manja ali m'mwamba. Kamiyau anagwedezeka kamodzi n'kuima. Anthu anandikoka miyendo, motorisita atandizindikira anakweza dzanja kuti amalize za khutu linalo, koma ataona nkhope yanga dzanjalo linatsika lokha.

Madala anagwada movutikira, anauza amayi onse kuti ayang'ane kumbali, anakhudza pamalopo ndi zala ziwiri n'kuchotsa msanga. Panali ena ofuna kundisisita ndi mafuta, ena oti andimwetse zitsamba, wina woti andiimike chadodolido kuti zibwerere zokha, koma iwo anakalipa, koyamba chiwadziwireni, kuti munthu asakanikize ndipo asandipatse ngakhale madzi, chifukwa kumigodi anaonapo mnzawo amene linamukanirira chonchi, anamusunga m'nyumba akumusisita mpaka mimba inatupa, ndipo sanadzukenso. Amayi anga anafika kuchokera kumsika akuthamanga, mpango uli m'manja. Kuchipatala chaching'ono cha kwathu namwino atangoona anati matumbo atsekeredwa, apa mpofunika mpeni lero lomwe, ndipo anatikweza galimoto ya ku Moatize. Madala anakwera nawo osaitanidwa, akuti mayi sangayang'ane kumene kukudwala mwanayu, Chipwitikizinso sachidziwa, ndiye pakufunika mwamuna woima m'malo mwa malume. Manachesi awo anawasiya pamsewu, akudyedwa ndi anzanga omwe aja.

Msewu umenewo ndauyenda kambirimbiri, koma tsiku limenelo unatalika ngati wina akuuwonjezera kutsogolo. Bampu aliyense ankandilowa ngati mkondo, mphepo yozizira ya kwathu inatsala m'mbuyo n'kuyamba kulowa yotentha, milambe inayamba kuoneka pawindo, ndipo zimene ndinkasanza tsopano zinali zobiriwira. Amayi anali pa korona, milomo ikungogwedera. Ine ndinakoka malaya a madala n'kuwanong'oneza kuti achotse temberero lawo, iwo n'kundiyankha kuti akanadziwa kuti pakamwa pawo pali mphamvu chotere akanapempha nyumba ya malata, osati zopusa ngati zimenezi, ndipo anandichenjeza kuti ndisayerekeze kuwachititsa manyazi pofera m'manja mwawo, anthu angamati anapha mwana chifukwa cha manachesi awiri. Ndinawafunsanso ngati kumeneko akandidula zonse, iwo anati pamsinkhu wangawu palibe zambiri zoti munthu angadule. Ndinafuna kuseka koma m'maso munayamba kuda, ndipo chomaliza chimene ndikukumbukira ndi chikhatho chawo chokhakhala pamphumi panga, pamene pakamwa pankanena nthabwala.

Za operasau, imene a ku Mwanza amati opaleshoni, ndilibe chonena chifukwa ndinali m'tulo. Ndinangomva pambuyo pake kuti kachigawo ka matumbo kanapanikizika pakabowo ngati chala m'khosi la botolo, katayamba kale kuda, ndipo tikanachedwa akanadula n'kutaya, mwinanso akanataya ine ndemwe. Tsiku limenelo anasoka kumanzere kokha, kumanja anati ndidzabwerenso ndikachira. M'mawa mwake adotolo, munthu wansangala wolankhula Chinyungwe chosakaniza ndi Chipwitikizi, atamva kuti ndine wa ku Zobue anati ndiye sindivutika kumva, chifukwa matendawa, amene iwo amati erniya, ndi nkhani ya malire basi: matumbo ali ndi dziko lawo, ndipo akafuna kuzemba ali ndi njira zitatu. Yoyamba ndi kanjira kakale kamene mbewu za mwana wamwamuna zimatsikira kuchokera m'mimba iye asanabadwe. Kamayenera kutsekeka, koma kwa ena kamatsala kotsegula mbali imodzi, kwa ena ngati ine mbali zonse ziwiri, kutanthauza kuti zipata zangazo ndinabadwa nazo madala asanandione n'komwe. Yachiwiri ndi ya akuluakulu, khoma la mimba likatopa ndi zaka, katundu wolemera ndi chifuwa, matumbo amangokankha mpanda pamene pafooka, ndipo popeza makoma awiriwo amakalamba limodzi, si zachilendo kuti igwire uku ndi uku. Yachitatu imadzera pansi, pamwamba pa ntchafu, imakonda amayi, imakhala yaing'ono ngati mwanabere koma ndiyo yosachedwa kukanirira. Pamenepo amayi anga, amene madala ankawamasulira, anagwira pakamwa, n'kunena chapansipansi kuti achemwali awo a ku Kambulatsitsi anapita ndi kamwanabere kotero, akusanza, anthu n'kumati awalodza. M'chipinda monse munati zii.

Ine zii sindimutha. Ndili chigonere ndi ulusi wanga, ndinafunsa m'Chipwitikizi changa cha kusikola ngati n'zoona kuti phudzi ukalidula limawoloka, poti kwathu kuli nkhalamba ina, sinditchula dzina, imene imaphunzitsa anthu zimenezo. Adotolo anaseka, anati siliwoloka ayi, likaoneka mbali ina ndiye kuti mbaliyo inali ndi bowo lakelake, n'chifukwa chake munthu akabwera ndi limodzi iwo amayeza konsekonse. Akunena zimenezo maso awo anali atatsikira kale pathalauza la madala, ndipo anafunsa kuti nanga wodwala uyu bwanji akungoyendayenda wopanda bedi. Madala anati iwo ndi operekeza chabe, koma anakokedwa ndithu kuseri kwa nsalu yotchinga, ndipo nsalu ya kuchipatala, abale, imatchinga maso okha, makutu ayi. Ndinamva akuuzidwa kuti atsokomole, ehe-ehe yemwe uja ndinkamukopera, kenako atsokomolenso, kenako adotolo akuti lalikulu lakumanjali ndi la kanjira kakale ngati langa, longolekereredwa, koma kumanzere nako kuli kena kakang'ono koboola khoma, kamene eni ake sankakadziwa chifukwa maso onse anali pa papaya. Mbali zonse ziwiri! Ndinaseka mpaka namwino anathamanga kudzaona ngati ulusi waduka, ndinaseka misozi ya ululu ikutsika, chifukwa tsopano wabodza anali ndani? Zobue yense ankati madala ali nalo limodzi, madala eni ake ankati limodzi, munthu mmodzi yekha amene anawerenga molondola, popanda kuwakhudza n'komwe, ndinali ine ndi manachesi anga awiri.

Nditabwerera kukasoketsa kumanja, pabedi loyandikana ndi langa panagona madala. Anati avomera mpeni osati chifukwa cha nzeru za adotolo, koma poti mbali zonse zili kale ndi eni ake, phudzi lilibenso kowolokera. Bambo anga atabwera kudzationa ndi fumbi lawo anandilamula kuti ndipepese, ine n'kufunsa kuti ndipepese za kumanja kapena za kumanzere, madala n'kuseka atagwira pamimba, n'kuwauza kuti andisiye, mwana wopanda kamwano ali ngati ndiwo zopanda mchere. Tinabwerera ku Zobue tonse awiri tikuyenda chotangadza, ulendo uno popanda wokopera mnzake. Atachira anayamba kuyenda mowongoka, ine n'kumawadandaulira kuti andiphera sewero langa lokoma koposa, iwo n'kumauzabe wogula aliyense kuti mnyamata uyu anamutemberera ndi iwo, ndipo ine sindinkatsutsa, chifukwa tiana tonse ta pamalire tinayamba kuliopa dengu lija, manachesi aulele n'kumadya ndine ndekha. Anamwalira ine ndili kale kuno, ndi chifuwa chawo chakale cha kumigodi, ndipo pamtengo paja tsopano pamakhala mnyamata wogulitsa zingwe za mafoni amene ngakhale umugwere pamapazi sangaseke.

Lero mukandifunsa, za temberero sindikhulupirira; ndinabadwa ndi zipata ziwiri zosatseka, ndipo zikanaonekera ndithu ngakhale ndikanakhala mwana wa kwaya woyenda ndi korona m'khosi. Kupepesa sindinapepese ndipo sindidzapepesa, chifukwa popanda manachesi aja madala sakanamandiponyera diso mpaka tsiku la mbuzi, ndipo popanda mbuzi ija iwo akanakalowa m'manda ndi katundu wawo. Chimene chinatsala pang'ono kundipha si pakamwa pawo, ndi pakamwa pangapa, pamene panalankhula zonse za m'dziko n'kutseka pa chinthu chimodzi chokha chofunika. Choncho mukaona kachotupa m'mphechepeche kamene kamabwera n'kupita, musadikire kuti kakule kapena kasamuke, kaonetseni, ndipo akayeze ndi mbali inayo. Kakadzauma n'kukana kulowa, ululu ndi kusanza zili limodzi, musasisite, musamwe kanthu, thamangani dzuwa lisanalowe, kaya ndinu mnyamata, kaya nkhalamba, kaya mayi amene mukuti ndi mwanabere chabe. Ndipo inu anzanga opusitsa anthu, pitirizani, dziko lopanda ife lingakhale Lolemba lokhalokha, koma akulu anati m'mphechepeche mwa njovu sapitamo kawiri, ine ndikuti pansi pa kamiyau musayese n'kamodzi komwe, ndipo musanakopere mayendedwe a munthu, yambani mwalowa m'bafa, dzanja lina kumanja lina kumanzere, mutsokomole.